Meguiar's Ultimate Compound pa galimoto yakuda: mawanga a madzi anachoka, chokanda chakuya chinatsala

Mankhwala opolishira awa ndawagwiritsa ntchito pa Toyota Wish yanga yakuda kuyambira chilimwe chathachi, ndipo kwa amene mukufunsa ngati akuyenerera ndalama yake, yankho langa ndi lakuti inde, bola mudziwe chimene mukulimbana nacho. Mawanga oyera a madzi, aja amakakamira pa boneti ndi padenga ngakhale mutsuke ndi sopo wotani, anachoka. Timizere tozungulirazungulira timene timaoneka galimoto ikaima padzuwa tinachokanso, pafupifupi tonse. Chokanda chachitali cha pachitseko chakumbuyo ndiye chidakalipo mpaka lero.

Botolo lake ndi la 450 ml. Anandibweretsera ndi achimwene anga kuchokera ku Johannesburg, ngakhale kampani yake ndi ya ku America, yakalekale, inayamba mu 1901. Mankhwalawo ndi okhuthala, oyererako, ndipo amalowa pang'ono zedi. Ndapolisha galimoto yonse koma m'botolo mudakali ambiri.

Ndiyambe ndi kumene mawangawa amachokera, chifukwa ambiri timathamangira kugula polishi tisanadziwe matenda ake. Kuno kumene ndikukhala, kunja kwa tauni ya Lilongwe, timadalira mjigo. Madzi a pamjigo amadutsa m'miyala pansi pa nthaka ndipo amatengako mchere wa calcium ndi magnesium. Ndi mchere womwe uja umayeretsa pansi pa ketulo mukamawiritsiramo madzi tsiku ndi tsiku. Tsono galimoto yakuda ikakhala padzuwa la mu Okutobala, boneti imatentha moti dzanja simungalisiyepo. Mukathirapo madzi nthawi imeneyo, dontho lililonse limauma musanatembenuke n'komwe. Madziwo amauluka, mchere n'kutsala pompo, kamkombero koyera pa dontho lililonse. Mukauchotsa msanga palibe vuto. Ukakhalitsa, dzuwa n'kumauwotcha tsiku lililonse, umayamba kudya penti ya pamwamba n'kusiya kachipsera kolowa mkati. Ndiye kuti mawanga alipo mitundu iwiri: ena angokhala pamwamba, ena alowa kale mu penti. Mukawayang'ana patali amaoneka ofanana.

Musanawononge ndalama, yesani viniga woyera wa m'khitchini. Sakanizani theka viniga, theka madzi oyera aja ogulitsa othira mu batire (ndikunena madziwo, osati asidi wake, chonde). Nyowetsani nsalu, muiyale pa mawangawo kwa mphindi imodzi kapena ziwiri penti ili yozizira, kenako mutsukuluze ndi madzi ambiri n'kupukuta. Asidi wofooka wa mu viniga amasungunula mcherewo. Pa zitseko ndi pa magalasi a m'mbali, kwa ine viniga yekha anamaliza nkhani. Pa boneti ndi padenga, pomwe madzi amakhazikika komanso dzuwa limawomba molunjika, kuyerako kunachoka koma china chinatsala. Nditawerama madzulo n'kuwalitsa tochi ya foni chapambali, ndinaona timikombero tambirimbiri, kalikonse kokhala ndi m'mphepete mwake mooneka bwino. Chala sichimamva kanthu, koma maso amaona. Apa mpamene ntchito ya Ultimate Compound imayambira.

Mfundo yofunika kuimvetsa ndi yakuti mankhwalawa sakwirira chipsera ayi, amapala penti. Penti ya galimoto zamasiku ano ili ndi magawo atatu: pansi pali pulaimala, pakati penti ya mtundu, pamwamba penti yoonekera mkati yopanda mtundu, clear coat, imene imapatsa galimoto kunyezimira ndi kuteteza mtundu ku dzuwa. Clear coat wochokera ku fakitale ndi wopyapyala kwambiri, nthawi zambiri ma micron 40 mpaka 50, kutanthauza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 20 a milimita imodzi. Mu mankhwalawa muli timchenga tosalala tosaoneka ndi maso. Mukamatikita, timapala clear coat wozungulira chipsera mpaka pafanane ndi pansi pa chipseracho, ndiye kuwala kumabwerera mowongoka, chipsera n'kusowa. Chimene mwapalacho sichibwereranso. Ichi n'chifukwa chake sindigwirizana nawo amene amati muzipaka mwezi uliwonse kuti galimoto iziwala. Awa ndi mankhwala ochiritsa, si mafuta odzola, ndipo kamodzi pachaka n'kokwanira ngati pali chifukwa.

Ndinagwira ntchitoyi m'mamawa, galimoto ili pamthunzi wa khoma la nyumba. Pansi pa mtengo wa mango ayi, kumeneko utomoni ndi zitosi za mbalame zikugwerani pomwe mwangomaliza. Ndinatsuka bwinobwino, n'kupukuta mpaka youma, chifukwa kamchenga kamodzi kokha kotsalira pa siponji kangajambule boneti yonse. Kenako ndinamata tepi ya pepala pakati pa boneti, kuigawa pawiri, kuti ndione kusiyana kwake ndi maso anga. Timadontho tochepa pa kasiponji kofewa kopolishira, malo osapitirira theka la mita uku ndi uku, kutikita mokanikiza ndithu, mizere yopingasa kenako yoimirira, mpaka mankhwala atapyapyala, n'kupukuta ndi nsalu ya microfibre asanaume. Nditachotsa tepi ija ndinaima kaye. Mbali yopolishayo inkaonetsa malata a nyumba mzere uliwonse payekhapayekha, ngakhale waya wa magetsi wodutsa pamwamba. Mbali inayo inkaonetsa nyumba yomweyo koma mwachifunga, yotuwa. Ndinali nditaiwala kuti galimotoyi ndi yakuda chotere.

Pa malo ambiri ulendo umodzi unakwanira. Pakati pa denga, pomwe mawanga anakhalitsa, ndinabwereza, ndipo timikombero tingapo tozama kwambiri ndinangotisiya titazimiririka pang'ono. Ndinaona kuti n'kwabwino kukhala ndi kachipsera koona ine ndekha ndi tochi kusiyana n'kubowola clear coat.

Kunena zoona, ndi dzanja ntchitoyi ndi yowawa. Boneti yokha inandidyera m'mawa wonse, phewa n'kumaphwanya mawa lake. Wish ndi galimoto yaitali, denga lake ndi bwalo. Mankhwalawa amalolanso makina opolishira, ndipo ngati mungapeze makina a dual action, aja amazungulira uku akugwedezeka, ntchito imafulumira komanso ngozi ndi yochepa. Amene ndikuwaopa ndi makina ozungulira mbali imodzi mothamanga, makamaka ali m'manja mwa munthu wosazolowera. Amatenthetsa penti, ndipo m'ngodya ndi m'mphepete mwa boneti, momwe penti imakhala yopyapyala kale, amabowola mwakanthawi kochepa. Ngakhale ndi dzanja, m'mphepetemo muzidutsa mopepuka.

Tsopano za zokanda. Pali njira ziwiri zodziwira ngati chokanda chichoke. Yoyamba, dutsitsani chikhadabo mopingasa. Chikangotsetsereka osakodwa, chokandacho chili pamwamba ndipo chichoka. Chikakodwa, chalowa kwambiri. Yachiwiri, thiranipo madzi. Chokanda chimene chimasowa pakanyowa n'kubweranso pakauma chili mu clear coat mokha. Timizere ta pansi pa zogwirira zitseko, tobwera ndi zikhadabo ndi makiyi, tinachoka mosavuta. Tina ta m'mbali, tobwera ndi tchire pa msewu wopita kumudzi, tinachokanso nditalimbikira. Cha pachitseko chija chinabwera ndi chigwiriro cha njinga pamsika, ndipo chikhadabo chimakodwamo. Pakati pake pakuoneka mzere wotuwa, kusonyeza kuti chinadutsa clear coat ndi penti yakuda n'kufika pa pulaimala. Ultimate Compound inasalaza m'mphepete mwake moti patali sichikuwa ngati kale, koma kuchichotsa siingathe, ndipo palibe polishi ina iliyonse imene ingathe, chifukwa penti yoti ibwerere palibepo. Pamenepo pakufunika penti yodonthezera ya nambala yofanana ndi ya galimoto yanu. Pa Toyota nambalayi imalembedwa pa kachitsulo kapena kapepala ka zizindikiro za galimoto, pa mphuthu ya chitseko kapena mu boneti. Yanga ndi 202. Ngati chokanda chafika poonetsa chitsulo, musadikire, mvula ikalowamo dzimbiri limayamba kuyenda pansi pa penti.

Galimoto zathu zambiri zimabwera zitagwira kale ntchito ku Japan, kudzera pa doko la Dar es Salaam n'kulowa pa Songwe, ndipo mbiri ya penti yake sitiidziwa. Ina inapolishidwa kangapo isanakwere sitima, ina chitseko chinapoperedwanso kuno. Choncho yambani pa kamalo kobisika. Mukaona mtundu wa galimoto ukutsalira pa siponji, imani kaye. Mwina pamenepo panapoperedwa penti yopanda clear coat, mwina clear coat watha. Ndipo ngati denga layamba kale kusupuka, zigamba zoyera zofundukafunduka zija timaziona pa galimoto zokhalitsa padzuwa, musataye ndalama yanu pa botolo ili. Apo clear coat wafa, pakufunika mmisiri wopopera penti.

Pali zinthu ziwiri zimene wogula azidziwiretu, ndipo n'za mankhwala onse a mtundu uwu. Pa pulasitiki wakuda wosapentedwa ndi pa malabala a m'mawindo amasiya zoyera zovuta kuchotsa, ndiye matanipo tepi musanayambe. Chachiwiri, akamaliza ntchito yake penti imatsala yosatetezedwa. Wakisi (phula lopaka pamwamba loteteza penti) amene analipo wachoka, viniga ujanso amachotsa wakisi. Mukasiya choncho, kutsuka kotsatira kubweretsanso mawanga pa penti imene mwangopolisha kumene. Ine ndinapaka wakisi tsiku lomwelo, ndipo mtengo wake muuwerengere limodzi pogula. Zonse pamodzi si zotchipa, makamaka momwe zinthu zochokera kunja zakwerera. Komabe mukayerekeza ndi kupoperetsanso boneti ndi denga, kusiyana n'kwakukulu.

Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti timizere tambiri tinali pa galimoto yanga tinabwera ndi kutsuka, ntchito imene ndinkailipira. Pamalo ena otsukira galimoto pomwe ndinkapita, ndowa ndi imodzi, chiguduli n'chimodzi. Chatsuka matayala, chagwa pansi, achitola, achiviika, chakwera pa boneti. Sopo wake ndi wa ufa wochapira zovala, dzuwa lili paliwombo, ndipo galimoto imasiyidwa kuti iume yokha pomwe anyamata athamangira ina yangofika. Sindikuwanyoza anyamatawa, amagwira ntchito yolemetsa pa ndalama yochepa ndipo palibe anawaphunzitsa za penti. Mnyamata amene amanditsukira pano ndinakhala naye pansi, ndinamuonetsa ndi tochi kusiyana kwa mbali ziwiri za boneti ija, ndipo anamvetsa msanga. Ananena yekha kuti, "Bwana, ndiye chiguduli cha matayala chizikhala chakechake." Pano tili ndi ndowa ziwiri, ina ya sopo wa galimoto, ina yotsukuluzira nsalu. Timayamba n'kuthira madzi ambiri kuti fumbi litsike lokha, timatsuka kuchokera padenga kutsika pansi, m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, ndipo timapukuta nthawi yomweyo madzi asanaume okha. Nyengo ya mvula ndimatchera madzi a padenga la nyumba mu mgolo, kusiya oyamba aja odza ndi fumbi la pamalata, n'kumatsukuluzira omaliza. Madzi a mvula alibe mchere wa m'miyala uja, ndipo kusiyana kwake kumaoneka.

Chizolowezi china choti tisiye ndi chopukuta fumbi ndi nsalu youma m'mawa tisananyamuke. M'miyezi ya fumbi, kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, fumbi lofiira lija ndi mchenga weniweni, ndipo kulikokera pa penti yakuda n'kujambula mizere ndi dzanja lanu lomwe. Kuli bwino kuyenda ndi galimoto yafumbi mpaka mupeze madzi.

Papita miyezi tsopano. Mawanga sanabwerere, ndipo mvula ikagwa madzi amapanga timadontho tozungulira n'kumatsetsereka pa boneti. Timizere tochepa tayambanso kuoneka pa zitseko, zomwe sizingalephereke pa galimoto yoyenda tsiku lililonse m'misewu yathu, koma sindifulumira kutsegulanso botolo chifukwa cha timeneto.

Amene ndingawalimbikitse kugula ndi a galimoto zakuda, zabuluu woderako ndi zofiira, zimene penti yake idakali yamoyo koma yatuwa ndi mawanga ndi timizere, ndipo ali okonzeka kupereka Loweruka lathunthu ndi mphamvu za mkono. Botolo limodzi mukhoza kusonkherana anthu awiri kapena atatu, likukwanirani. A galimoto zoyera ndi zasiliva, pomwe timizere sitioneka kwenikweni, yambani ndi viniga, nsalu zabwino za microfibre ndi wakisi, muone ngati patsala chofuna kupala.