Tinder, inbox ya Facebook kapena kudzera kwa azakhali: banja tilisake kuti?

Zoti munthu atha kupeza banja pa intaneti si nkhani yokanganirana masiku ano. Alipo amene anadziwana pa foni, lero akulera ana. Ku America, akatswiri a pa yunivesite ya Stanford anapeza kuti mwa amuna ndi akazi amene anayamba chibwenzi mu 2017, 39 pa 100 alionse anakumana pa intaneti, ndipo njirayi inali itaposa ija yodziwana kudzera mwa anzawo. Kuno kwathu zinthu zimayenda mwina. Amene akusaka banja ali ndi njira zitatu zimene zikulimbirana: ma app ngati Tinder ndi Badoo, Facebook ndi WhatsApp, komanso njira yakale yodzera mwa anthu. Ine poziyeza ndimafunsa chinthu chimodzi kuposa zonse: munthu mwamupezayo, ndani winanso akumudziwa?

Tiyambe ndi ma app. Badoo inayamba mu 2006, Tinder mu 2012. Pa Tinder mumaika zithunzi, zaka zanu ndi mawu ochepa, kenako foni imakuonetsani anthu amene ali m'dera lanu. Amene wakusangalatsani mumakankhira chithunzi chake kumanja, amene simunamufune kumanzere, ndipo macheza amayamba nonse awiri mukakankhirana kumanja. Apa pali ubwino umene anthu sauyamikira mokwanira, makamaka kwa akazi. Aliyense amene ali pamenepo wabwera kudzafuna munthu, choncho palibe zozungulira, komanso kukana sikupweteka chifukwa wokanidwayo sachita manyazi pamaso pa aliyense.

Vuto loyamba ndi kuchepa kwa anthu. Tinder imakulolani kufutukula mtunda mpaka makilomita pafupifupi 160, kotero muli mu Lilongwe mutha kuona a ku Dedza, Salima, Mchinji ngakhalenso a ku Chipata. Mu Lilongwe ndi mu Blantyre nkhope zimapezeka ndithu. Koma mukakhala ku Ntchisi kapena ku Chitipa, sipatenga nthawi kuti muthe onse, n'kuyamba kuona omwe aja. Ndipo mwa amene alipo, ena ndi alendo odzaona nyanja ku Cape Maclear kapena ku Nkhata Bay, ena abwera pa ntchito ya miyezi yochepa. Si anthu oipa, koma ambiri sanabwere kudzafunsira mbeta.

Pa ndalama, ma app amadya bandulo ya intaneti wamba, osati ija yotchipa ya WhatsApp ndi Facebook. Tinder Plus ndi Tinder Gold, zomwe ndi Tinder yolipira, zimafuna khadi yolipirira kunja, chinthu chovuta nthawi ino ndalama zakunja zikusowa. Maganizo anga ndi oti musalipire. Kulipira kumakuonetsani amene wakukondani kale, kumachotsanso malire a anthu amene mungawasankhe pa tsiku, koma sikuwonjezera munthu ngakhale mmodzi m'tauni yanu. Kumbukiraninso kuti Match Group, kampani imene ili ndi Tinder, Hinge ndi OkCupid, imapeza phindu inu mukadali pa msika. Mukakwatira yataya kasitomala.

Nanga mboni? Palibe. Tinder ili ndi kachizindikiro kosonyeza kuti nkhope ya munthu ikufanana ndi zithunzi zake. Kamathandiza pa amene amaba zithunzi za eni, koma sikangakuuzeni ngati bamboyo wasiya mkazi ndi ana ku Area 25.

Kumene zibwenzi zambiri za pa foni zimayambira kwathu kuno ndi pa Facebook, n'kusamukira pa WhatsApp. Wina waona ndemanga yanu, wakupemphani ubwenzi, mawa lake moni wafika mu inbox. Palinso magulu a ofuna banja, ndi masamba amene amakuikirani uthenga mobisa dzina, oti mayi wa zaka zakuti, wa ana awiri, akufuna bambo woopa Mulungu. Njirayi ndi yotchipa, mumalankhula Chichewa kapena Chitumbuka chanu momasuka, ndipo voice note imakupatsani zimene chithunzi sichingapereke: kaseka ka munthu, ulemu wake, mmene amayankhira akatopa.

Chimene Facebook imaposera Tinder ndi mbiri. Akaunti ya munthu weniweni imakhala ya zaka. Muli zithunzi za pa ukwati wa mchemwali wake, uthenga wa maliro a agogo ake, anzake a ku sekondale akumutchula dzina la paubwana. Mukatsika pansi modekha mumaona amene amamulembera kuti "alamu", ndipo muyenera kudzifunsa kuti ulamuwo ukuchokera mbali iti. Kuposa zonsezi, Facebook imakuonetsani anzanu amene nonse mukuwadziwa. Munthu mmodzi yekha wotero, woti mungamuimbire n'kumufunsa kuti kodi uyu mumamudziwa bwanji, ndi wamtengo wapatali kuposa macheza a miyezi itatu. Akaunti yotsegulidwa posachedwa, ya zithunzi ziwiri zooneka bwino kwambiri, yopanda wachibale ndi mmodzi yemwe, imeneyo isiyeni.

Koma kuno ndi kumenenso mbava zachuluka, ndipo machenjera ake ndi omwewomwewo. Wina amati akufunitsitsa kubwera kudzakuonani koma ya thiransipoti yavuta, mutumize pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Ndalama ikangolowa nambala yazima. Wina amadzitcha dokotala kapena msilikali wa kunja, wakutumizirani mphatso, ndiye katunduyo akuti wagwidwa pa bwalo la ndege ndipo pakufunika ya msonkho. Amene amakana video call tsiku ndi tsiku, n'kumanamizira netiweki, akubisa kanthu. M'magulu a WhatsApp nambala yanu imaonekera kwa aliyense amene ali m'gulumo, ndipo ena amalowa kudzangotola manambala.

Nkhani imene imandiwawa kwambiri ndi ya zithunzi zamaliseche. Atsikana ndi amayi ambiri avulala nayo, amunanso alipo. Chibwenzi chikatha, kapena wina akafuna kukudyerani ndalama, chithunzi chija chimasanduka chida. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kuzunza ndi kuopseza munthu pa intaneti, ndipo amene zamuchitikira apite ku polisi, asachite manyazi, wolakwa ndi wofalitsayo. Komabe chithunzi chikafika m'magulu palibe khothi limene lingachifufute m'mafoni a anthu onse. Musatumize, ngakhale kwa amene walonjeza ukwati.

Tsopano njira ya makolo: kutchalitchi, kumzikiti, kuntchito, pa ukwati wa mnzanu, kapena azakhali kukuuzani kuti kwa akutiakuti kuli mwana wakhalidwe. Mphamvu yake ndi yoti munthu amabwera ndi anthu ake. Musanafike patali mwadziwa kale mudzi wake, mfumu yake, ngati anakwatirapo, ndi chimene chinathetsa banjalo. Zikafika pa chinkhoswe, pamene mbali ziwiri zimasinthana tambala ndi thadzi, pamakhala ankhoswe amene avomera pamaso pa anthu kuti mukadzayambana adzakhala nanu pansi. Palibe app imene ili ndi munthu woti mungakamugogodere usiku zinthu zitavuta.

Sindikufuna kuikometsera mopitirira, chifukwa nayo yaliza anthu. Amene amakuchitirani umboni amadziwa munthu wa Lamulungu m'mawa, wovala jekete, woimba kwaya. Sadziwa mmene amakhalira akakwiya chitseko chitatsekedwa. Chikomekome cha mkuyu chilipo pa Facebook, chiliponso pa benchi ya kutsogolo m'tchalitchi. Choipa china ndi choti kukana kumavuta. Munthu amene wakupezerani abusa kapena amalume, mukamukana mwakhala ngati mwanyoza iwowo, ndipo alipo amene analowa m'banja chifukwa choopa kukhumudwitsa akuluakulu. Ndiponso njirayi imasankha. Mayi wamasiye, mayi wa ana atatu amene banja linatha, munthu wolumala, munthu amene akumwa ma ARV ndipo akufuna kuulula yekha pa nthawi yake, onsewa anthu amawaweruza asanawamve. Kwa iwo foni imapereka mpata woyamba kudziwika monga munthu, nkhani zinazo n'kubwera pambuyo.

Ndiye iti ndi ya ndani? Amene ali kunja, kaya nesi ku Manchester kapena wogwira ntchito ku Johannesburg, ndipo mtima uli pa munthu wa kumudzi, Facebook ndi WhatsApp ndizo zingamuthandize, bola atume wachibale akaone munthuyo ndi maso. Izi si zachilendo: kale amuna a ku migodi ankalembera makalata abale awo kuti awaonere mbeta. Wa kumudzi naye afufuze chimodzimodzi, pakuti kutalikirana kumabisa mabanja ambiri. Amene ali mu Lilongwe kapena mu Blantyre, wotanganidwa ndi ntchito, amene anzake onse anakwatira, ayese Tinder yaulere, koma anene poyera kuti akufuna banja kuti odzangocheza apite msanga. Amene ali pa boma laling'ono kapena kumudzi asataye bandulo pa ma app. Anthu omuzungulira amudziwitsa ambiri kuposa foni.

Pa zitatuzi ine ndimaika patsogolo Facebook yokhala ndi mnzanu wodziwa nonse awiri, chifukwa imatenga kufutukuka kwa intaneti n'kusiyako kachingwe kofika kwa anthu enieni. Koma kulikonse kumene mwamupeza, musachedwe pa foni. Macheza a miyezi yambiri osaonana amakupangitsani kukonda munthu amene mwamuumba nokha m'mutu. Kumanani masana, pamalo pa anthu, mwauza mnzanu kumene muli, ndipo thiransipoti yobwerera ikhale m'thumba mwanu. Zikayamba kuzama, pitani limodzi kukayezetsa magazi, m'zipatala za boma ndi zaulere.

Kenako pemphani kuonana ndi abale ake, ndipo muone mmene ayankhire. Apa ndi pamene ambiri a pa intaneti amagwera. Mudzamva kuti mayi amene ali kunyumbayo "tinangoberekerana mwana", kapena kuti "sitinadalitse". Dziwani kuti lamulo la Marriage, Divorce and Family Relations Act la 2015 limazindikira ukwati wa kwa DC, wa kumpingo ndi wachikhalidwe, ndipo khothi litha kuzindikiranso wa anthu amene akhala limodzi nthawi yaitali ngati banja. Bambo amene anachita chinkhoswe kumudzi ndi wokwatira, ngakhale alibe mphete kapena setifiketi. Choncho musafunse ngati anamanga woyera. Funsani ngati pali ankhoswe amene anakhalirapo pansi za iye ndi mkazi wina, ndipo yankho lake mukalimve kwa mchemwali wake kapena amalume ake, osati kwa iye yekha.