Nietzsche ankasangalala kapena ankachenjeza?

Mawu aja a Nietzsche, katswiri wa filosofi wa ku Germany, akuti "Mulungu wafa" anthu amawamva pawiri. Ena amati ankasangalala basi, poti m'buku lake la The Antichrist lomwe analemba mu 1888 ananyoza chikhristu koopsa, akuti chimalemekeza kufooka. Izi nzoona ndithu.

Koma ine ndili mbali ya amene amati linali chenjezo. Tawerengani buku lake lina la The Gay Science la 1882, wonena mawuwa ndi wamisala, wayatsa nyali kunja kutacha kale nkuthamangira pamsika, ndiye omuseka si akhristu ayi, ndi anthu oti anasiya kale kukhulupirira koma sakuona kuti maziko a chabwino ndi choipa agwedezeka. Ndipo akuti tamupha ndife tonse, iyenso akudziwerengera momwemo. Paja bambo ake a Nietzsche anali m'busa wa Lutheran, nkhaniyi sinali yamasewera kwa iye.