SDL2, SFML kapena raylib: iti yoyambira pa laputopu yakale ndi bandulo yochepa

Anzanga amene mukuphunzira C kapena C++, imafika nthawi yoti munthu watopa ndi zilembo zoyera pa windo lakuda. Ukufuna chithunzi chioneke, kabokosi kayende ukadina kiyi, nyimbo ilire. Apa mayina atatu ndi amene amamveka kwambiri: SDL2, SFML ndi raylib. Onsewa ndi malaibulale, kutanthauza code yolembedwa kale imene pulogalamu yanu imaitana kuti ijambule ndi kuliza mawu. Ndi aulere, ndipo laisensi yawo ya zlib imakulolani ngakhale kugulitsa zimene mwapanga. Ine ndagwiritsapo ntchito onse atatu pa Windows ndi pa Ubuntu, ndipo chimene ndaona n'chakuti ambiri sathawa chifukwa code yavuta. Amathawa tsiku loyamba, laibulale isanavomere n'komwe kulumikizana ndi compiler. Choncho ndiyerekeza pa mfundo imeneyo: iti imadya nthawi, bandulo ndi mtima kuti windo loyamba litseguke.

Ndiyambe ndi SFML chifukwa ndi imene imakopa maso. Anailemba ndi Laurent Gomila, inatuluka mu 2007, ndipo ndi ya C++ yeniyeni. Ili m'zigawo zisanu: system, window, graphics, audio ndi network. Code yake ndi yosalala, munthu umawerenga ngati nkhani. Koma kukoma kumeneku kuli ndi mtengo wake. Mafayilo a C++ amene anamangidwa kale ndi compiler ina kawirikawiri sagwirizana ndi compiler yosiyana nayo, ngakhale zonse zitakhala GCC. Eni ake amachenjeza poyera pa malo otsitsira kuti compiler iyenera kufanana ndendende, kungoti munthu wachangu sawerenga.

Ndinaziona ndi maso mphwanga wina atabwera ndi laputopu yake madzulo ena. Anali ndi pulogalamu yolembera code ya Code::Blocks 20.03, imene imabwera ndi compiler ya GCC 8.1.0, ndiye anatsitsa SFML 2.6 yomangidwa ndi GCC 13.1.0. Mafoda a include ndi lib anawaloza bwinobwino, ma DLL (mafayilo a laibulale amene pulogalamu imafuna poyenda) anawaika pambali pa exe, zonse monga anaonera pa YouTube. Akadina Build, mauthenga ofiira mbwee, mayina ataliatali osawerengeka. Anali atabwereza kutsitsa katatu poganiza kuti fayilo inaduka panjira, bandulo yonse ya sabata n'kuthera pomwepo. Fayilo inalibe vuto. Tinangoika MSYS2, imene imabweretsa macompiler ndi malaibulale pa Windows, n'kutenga compiler ndi SFML kuchokera pamalo amodzi ndi chida chake chotsitsira cha pacman, ndipo bwalo lobiriwira la pulogalamu yoyesera ya SFML linaonekera asanamalize kumwa tiyi.

Ndiye ngati mwasankha SFML pa Windows, musasakanize. Tengani zonse ku MSYS2, apo ayi mangani nokha ndi chida chomangira cha CMake pogwiritsa ntchito compiler yanuyo. Polumikiza, ndondomeko ndi yofunika: -lsfml-graphics patsogolo, kenako -lsfml-window, pomaliza -lsfml-system. Chinanso, SFML 3.0 inatuluka mu Disembala 2024, imafuna C++17, ndipo inasintha zambiri, makamaka mmene pulogalamu imalandirira kudina kwa makiyi ndi mausi. Maphunziro ambiri a pa intaneti akadali a 2.5 ndi 2.6. Mukakopera code yakale pa laibulale yatsopano idzakana, inu n'kumadziimba mlandu pachabe. Onani nambala kaye.

SDL2 ndi nkhalakale. Sam Lantinga anatulutsa SDL yoyamba mu 1998, SDL 2.0 inabwera mu 2013, ndipo kampani ya magemu ya Valve imaidalira kwambiri. Ndi ya C, ndipo apa m'pamene pagona mwayi wake: mafayilo a C sasankha compiler ngati a C++. Mukatsitsa phukusi la MinGW (GCC ya pa Windows) limagwira ndi GCC yakale ndi yatsopano yomwe. Misampha yake ilipo koma ndi yodziwika, mukakodwa kamodzi simukodwanso.

Woyamba uli m'phukusi momwemo. Mukamasula mupeza mafoda awiri, i686-w64-mingw32 ndi x86_64-w64-mingw32. Yoyambayo ndi ya 32-bit, yachiwiri ndi ya 64-bit. Lembani gcc -dumpmachine kuti muone compiler yanu ndi ya mtundu uti, musalote. Ndipo SDL2.dll yoika pambali pa exe ichokere mufoda yomweyo. Mukatenga ya mbali inayo pulogalamu imamangika bwino koma imakana kutseguka. Msampha wachiwiri ndi uthenga uja wa undefined reference to WinMain. SDL2 imalowetsa main yakeyake pa Windows, ndiye main yanu iyenera kulembedwa yathunthu, yokhala ndi argc ndi argv, ndipo polumikiza mulembe -lmingw32 -lSDL2main -lSDL2 motsatana choncho. Mukatembenuza, linker siipeza chimene ikufuna.

Pa Ubuntu zonsezi kulibe. Mumangolemba sudo apt install libsdl2-dev, ndipo sdl2-config --cflags --libs imauza compiler komwe kuli chilichonse. SFML nayonso ndi mzere umodzi, libsfml-dev. Kunena zoona, amene ali ndi Linux nkhani ya lero ikumukhudza theka chabe.

Chimene SDL2 imakulipiritsani ndi thukuta la pambuyo pake. Payokha imatsegula BMP ndi WAV basi. Mukafuna PNG muonjezere SDL2_image, zilembo ndi SDL2_ttf, nyimbo za MP3 kapena OGG ndi SDL2_mixer, ndipo iliyonse ili ndi DLL yake yoti musaiwale pokopera pa fulashi kupatsa mnzanu. Ngakhale ntchito yojambula bwalo mulibemo, mumalemba nokha. Ena izi zimawakwiyitsa. Ine ndimati ndi sukulu yabwino, chifukwa umamvetsa chimene texture (chithunzi chosungidwa kuti chijambulidwe) ndi renderer (chojambulira pa windo) zikuchita. Komanso ili ndi njira yojambula ndi purosesa yokha, ndiye imayenda ngakhale pa makina amene ma driver a zithunzi ndi osalongosoka. SDL3 inatuluka mu Januwale 2025, koma kwa woyamba kumene SDL2 ikadali ndi zitsanzo zochuluka.

Tsopano raylib, imene mtima wanga uli. Ramon Santamaria wa ku Barcelona anailemba mu 2013 pophunzitsa ophunzira ake kupanga magemu, ndipo zimaoneka kuti anailemba munthu amene anaonapo ana asukulu akuvutika. Ndi ya C99, ndipo zonse zimene imafuna zili m'kati mwake: za windo, za mawu, zotsegulira zithunzi. Palibe kusakasaka zidutswa. Pa Windows pali installer imene imabwera ndi compiler ya w64devkit ndi Notepad++ zokonzedwa kale. Ngati muli ndi GCC yanu, mzere wake ndi -lraylib -lopengl32 -lgdi32 -lwinmm, ndipo mukalumikiza ndi libraylib.a mumatuluka ndi exe imodzi yopanda DLL. Mizere khumi ndi kangapo, windo latseguka, mawu alembeka. InitWindow, BeginDrawing, DrawCircle, EndDrawing: mayina akudzifotokoza okha.

Ili ndi chopunthwitsa chimodzi chimene chimatikhudza ife makamaka. raylib yomangidwa kale imafuna OpenGL 3.3, njira imene pulogalamu imalankhulira ndi chipangizo cha zithunzi. Malaputopu ena amene timagula kwa anthu ndi a zaka za m'ma 2011, okhala ndi chipangizo cha zithunzi cha Intel HD Graphics 3000, chimene pa Windows chimalekera pa OpenGL 3.1. Pamenepo windo limakana kutseguka, ndipo munthu amaganiza kuti makina ake ndi otha ntchito. Ayi ndithu. Tsitsani source, lowani mufoda ya src, mulembe make PLATFORM=PLATFORM_DESKTOP GRAPHICS=GRAPHICS_API_OPENGL_21, ndipo mutenge libraylib.a yatsopanoyo. Mafayilo ake ndi ochepa, kumanga sikuchedwa, batire yofooka imapirira ngakhale magetsi atazima pakati.

Za Visual Studio ya Microsoft ndi vcpkg, chida chake chotsitsira malaibulale, ndingodutsapo. Zimagwira bwino ndi malaibulale atatu onsewa, ndipo debugger (chida chofufuzira zolakwika) ya Visual Studio ndi yapamwamba. Koma Visual Studio yokhala ndi zida za C++ ndi magigabayiti angapo, ndipo vcpkg imatsitsa source n'kumanga chilichonse pa makina anu. Ngati muli pa Wi-Fi ya kusukulu kapena kuntchito, yesani. Pa bandulo ya m'thumba mwanu, w64devkit kapena MSYS2 ndi yokwanira.

Ndiye nditafunsidwa ndi mng'ono wanga, ndingamuuze kuti ayambe ndi raylib sabata ino, aone chinthu chikuyenda asanafooke. Akamadzafuna kudziwa zapansi, kapena kuwerenga code ya mapulogalamu akuluakulu a ena, apite ku SDL2. SFML ndingaipereke kwa amene kosi yake ikufuna C++ ndi makalasi, bola aitenge pamodzi ndi compiler yake. Ndipo chilichonse chimene mwatsitsa, kaya ndi zip kaya installer, chisungeni pa fulashi ndi nambala yake pa dzina la foda, pamodzi ndi kafayilo kolembamo mzere wolumikizira umene unagwira. Windows ikadzafuna kuikidwanso, kapena mnzanu wa m'kalasi akadzapempha, mudzangokopera.