Chakudya chosakaniza ndi udzu pa kakulidwe ka ana a ng'ombe zamkaka

Alimi ambiri a ng'ombe zamkaka ku Thondwe ndi ku Domasi amathamangira kupatsa mwana wa ng'ombe nsenjere, poti udzu amangomweta kudimba pomwe chakudya chosakaniza cha madeya, soya ndi mchere chimafuna ndalama. Komatu zakudya ziwirizi sizigwira ntchito imodzi m'mimba mwake.

Mwana wa ng'ombe amabadwa chifu chake chachikulu, chomwe chimagaya udzu, chisanakhwime, ndipo mkaka umachilambalala n'kupita ku chifu chomaliza. Chimene chimakulitsa timinofu ta m'kati mwa chifu chachikulucho, tomwe timayamwa chakudya, ndi asidi amene amapangidwa chakudya chosakaniza chikamasasa m'menemo. N'chifukwa chake ndi bwino kuyamba kumuikira kadzanja kamodzi m'sabata yoyamba, pambali pa madzi oyera, ndipo chosakanizacho chikhale ndi mapuloteni okwana 18 mpaka 20 pa 100 alionse. Madeya okha safika pamenepo. Mwanayo akamamaliza pafupifupi kilogalamu imodzi ya chosakanizacho patsiku kwa masiku atatu otsatizana, angathe kusiyitsidwa mkaka osabwerera m'mbuyo.

Udzu umalimbitsa ndi kutambasula chifu, umayambitsanso kubzikula, koma nsenjere yaiwisi imakhala ndi madzi ochuluka kwambiri. Mwana wodalira iyo mumamuona ndi chimimba cholendewera, ubweya woimirira ndi nthiti zowerengeka. Ine ndimaona kuti masangwi ouma bwino a mtedza, operekedwa pang'ono chabe m'miyezi iwiri yoyamba, amaposa nsenjere, malinga ngati alibe nkhungu.