Satifiketi ya HTTPS: yogula, ya Let's Encrypt kapena ya Cloudflare?

Anzanga amene timakonza mawebusaiti a maloji ndi timabizinesi kuno ku Mangochi, funso ili la satifiketi ya HTTPS, chiphaso chimene chimachititsa kuti uthenga wa pa webusaiti uziyenda mobisika, mwandifunsa kokwana, ndiye ndiyankhire pano kuti tonse timve.

Ndiyambe ndi yogula, chifukwa ndi imene ndili nayo mangawa. Mayi ena amene ali ndi loji ku Cape Maclear anawagulitsa satifiketi a kampani ina yosunga mawebusaiti, powauza kuti imeneyi ndiye yolimba zedi. Chimene sanawauze n'chakuti chaka chikatha adzalipira kawiri: mtengo wa satifiketi yatsopano, komanso ndalama yoti akampaniwo aiike pa seva. Zonsezo m'madola. Ndi mmene ndalama zakunja zikuvutiramu, khadi yawo ya kubanki inakana. Satifiketi inatha mphamvu mu Disembala, alendo ali kalikiliki kusungitsa zipinda za Khirisimasi, ndipo aliyense wotsegula tsamba lawo ankalandiridwa ndi chenjezo lofiira. Mlendo wa ku Lilongwe safunsa kuti chavuta n'chiyani, amangosaka loji ina ku Monkey Bay. Mpaka lero mtima umandiwawa ndikakumbukira mmene mayiwo ankadandaulira pafoni.

Chondikwiyitsa kwambiri n'chakuti anawanamiza. Satifiketi yogula, kaya ndi ya DigiCert kapena Sectigo, siibisa uthenga kuposa yaulere. Kulimba kwake kumadalira mmene mwakonzera seva, ngati mwayatsa njira zatsopano zobisira uthenga za TLS 1.2 ndi 1.3 n'kuzimitsa zakale. Ndalama zambiri mumalipira kuti atsimikize dzina la kampani yanu, zimene banki ingafune koma loji ya zipinda khumi ayi. Nkhani yoti yogula imakhalitsa nayonso ikutha. Mu 2020 malire a nthawi imene satifiketi imakhala anatsika kufika masiku 398, ndipo mu 2025 bungwe loika malamulo a masatifiketi la CA/Browser Forum linagwirizana kuti pofika 2029 akhale masiku 47 okha. Amene amaika ndi manja adzatopa.

Ine ndimaika Let's Encrypt, ndipo ndi imene ndikukulangizani. Ndi yaulere kuyambira 2015, imakhala masiku 90, koma pulogalamu yoikira satifiketi ya Certbot imadzitengera yatsopano nthawi isanakwane. Sikuti ilibe minga. Mu 2025 anasiya kutumiza imelo yokumbutsa kuti satifiketi ikutha, choncho mukangoika yesani certbot renew --dry-run kuti muone ngati idzadzitengeradi yatsopano, makamaka ngati seva ili mu ofesi momwe magetsi amazimazima. Ngati seva yanu imayendera pulogalamu ya Nginx, lozani fayilo ya fullchain.pem, osati cert.pem, apo ayi pa kompyuta panu zioneka bwino koma mafoni ena ndi mapulogalamu olumikizana ndi sevayo adzakana. Kumbukiraninso kuti mafoni a Android osafika 7.1.1 sadziwa muzu wake, satifiketi yaikulu imene foni imadalira pokhulupirira zinazo, wotchedwa ISRG Root X1. Mafoni otere alipobe m'matumba mwa asodzi ndi amalonda athu, ndiye ngati tsambalo ndi la anthu akonkuno, auzeni amene ali kale ndi Firefox atsegulire pamenepo, chifukwa imabwera ndi mizu yakeyake.

Cloudflare, yomwe imakhala pakati pa mlendo ndi seva yanu, ndi yosavuta, yaulerenso, ndipo kwa amene alibe chilolezo cholowa mu seva ndi mpulumutsi. Koma chonde musaisiye pa Flexible. Pamenepo loko amaoneka pa foni ya mlendo, pomwe kuchokera ku Cloudflare kukafika ku seva yanu uthenga ukuyenda poyera, mayina ndi manambala a pasipoti omwe. Kuli ngati kukhoma chitseko chakumaso, chakuseri chili pululu. Ikani Full strict, ndipo pa seva pakhale satifiketi yeniyeni.

Palinso satifiketi yodzisainira nokha: imeneyo isungeni ku makina amkati mwa ofesi, monga kompyuta ya pa risepishoni ikamalankhula ndi database, ndipo satifiketiyo muiike m'makina onse olumikizanawo m'malo mozimitsa kutsimikiza.