Nsalu ndi yabwino, koma anandisindikizira mbendera imene tinaisiya kale

Shopu yosindikiza mbendera imeneyi ndaipatsa nyenyezi ziwiri basi, ndipo yachiwiriyo ndapereka chifukwa cha bambo ena achikulire amene amasoka kuseri kwa shopuyo.

Ndinaoda mbendera zazikulu za dziko lathu zoti tikapachike kutchalitchi pa 6 July. Mitengo ya pashopu imeneyi mukuidziwa, si yamasewera, ndiponso amafuna ulipiretu theka. Tsiku lokatenga nditatambasula, ndinapeza chofiira chili pamwamba, chakuda pakati, dzuwa loyera lathunthu lili pakatikati. Imeneyi ndi mbendera ya 2010 ija, ya nthawi ya malemu Bingu wa Mutharika, yomwe Nyumba ya Malamulo inaichotsa mu 2012 Mayi Joyce Banda atalowa m'boma.

Nditamuonetsa mnyamata wa pakauntala, sanachotse n'komwe maso pafoni. Akuti mitundu ndi yomweyomweyo, ndingotenga, palibe amene angazindikire. Apa m'pamene ndinapsa mtima. Mwana wobadwira m'Malawi muno, wogwira ntchito yosindikiza mbendera, osadziwa kuti yathu ya 1964 chakuda chimakhala pamwamba ndi dzuwa lofiira likutuluka? Chofiira chapakaticho ndi magazi a anthu amene anafera ufulu, monga aja anawomberedwa ku Nkhata Bay pa 3 March 1959. Kutchalitchi kwathu kuli Achewa, Atumbuka, Alhomwe, Ayao ndi Asena, pandale sitigwirizana, koma tikaima kuimba nyimbo ya fuko timayang'ana nsalu imodzi. Ndikanapachika inayo, anthu akanati ndabweretsa zachipani m'kachisi. Mnyamatayo anangoti kusintha ndilipirenso.

Mawu atakwera, bambo aja anatuluka lamba woyezera ali pakhosi. Atangoiona anapukusa mutu, n'kundiuza kuti, mayi pepani, vuto ndi chithunzi chakale chimene chinatsala mukompyuta. Anazipanganso osandilipiritsa, ndipo pondipatsa anandiwerengera okha ndi chala malaza a dzuwa mpaka kukwana 31. Msoko wake ndi wolimba, zingwe zomangira pamtengo anazisoka kawiri. Zakhala panja sabata yonse ya chiperoni koma chakuda sichinasukulukire pachofiira, ndiye pa nsalu sindingawanamizire.

Mnyamata uja mpaka lero sanapepese, ndipo ndalama ya minibasi yobwererako palibe anaitchula. Mukapitako, muwauze akuonetseni chithunzi pakompyuta musanalipire, ndipo mufunse bambo akuseriwo, osati wa pakauntala.