Udokotala wa uphungu wa maganizo: UK, America kapena South Africa?

Mukamaliza digiri ya psychology ku Zomba n'kubwerera kuno ku Kasungu, posakhalitsa mumaona kuti pepala limenelo palokha silikulolani kukhala pansi ndi wodwala maganizo ngati katswiri. Ndiye ambiri amayamba kufufuza za udokotala. Koma udokotala uli pawiri. Pali PhD ya kafukufuku basi, ndipo pali maphunziro amene amakuphunzitsani kuthandiza munthu mpaka bungwe loyang'anira ntchitoyi likulembeni m'kaundula. PhD ya kafukufuku, ngakhale ya yunivesite yotchuka chotani, siyikupatsani chilolezo chimenecho.

Ku UK zinthu ziwirizi anaziphatikiza. Dzina loti counselling psychologist ndi lotetezedwa ndi lamulo, ndipo kuyambira 2009 olembetsa ake ndi bungwe loyang'anira ogwira ntchito za umoyo kumeneko, limene lero limatchedwa HCPC. Njira yodziwika ndi udokotala wa zaka 3 wovomerezedwa ndi British Psychological Society, monga wa ku Manchester, Roehampton kapena Glasgow Caledonian. M'zaka zimenezo muli kalasi, kafukufuku, ndi maola osachepera 450 othandiza anthu pamaso pa wokuyang'anirani. Chimene ndimachikonda kwambiri n'chakuti wophunzira nayenso amayenera kupita kwa phungu wake, akakhale mbali inayo ya tebulo, amve mmene zimawawira kuulula zakukhosi kwa mlendo. Munthu wodutsa pamenepo safulumira kudula mnzake pakamwa.

Vuto ndi ndalama, ndipo si laling'ono. Ophunzira clinical psychology kumeneko amalipiriridwa ndi NHS, bungwe la zipatala za boma, koma a counselling ambiri amadzilipirira okha, ndipo wochokera kunja amalipira fizi yokwera kuposa eni dziko. Phungu wanu uja mumamulipiranso nokha. Chevening, sikolashipu ya boma la UK, siyingakuthandizeni, chifukwa ndi ya masters ya chaka chimodzi. Kwacha yathu inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo aliyense amene wayesapo kupempha ndalama zakunja ku banki akudziwa mmene zilili. Ngati palibe wokulipirirani zaka zonse zitatu, musayambe n'komwe. Musagulitse munda wa makolo chifukwa cha chaka choyamba chokha.

Ku America nkhani ya ndalama imapepukako ngati mwalowa PhD ya counseling psychology yovomerezedwa ndi APA, bungwe la akatswiri a psychology kumeneko, chifukwa mapulogalamu ambiri otere amakuchotserani fizi n'kumakupatsani kangachepe posinthana ndi kuphunzitsa kapena kuthandiza pulofesa pa kafukufuku. PsyD, udokotala wotsamira kwambiri pa kuona anthu kuposa kafukufuku, nthawi zambiri mumalipira nokha. Koma ndi zaka 5 kapena 6, kuphatikizapo chaka chathunthu cha internship (kugwira ntchito moyang'aniridwa), kenako mayeso opezera chilolezo otchedwa EPPP, ndipo chilolezo chimaperekedwa ndi state iliyonse payokha. Kwa wofuna kudzaphunzitsa ku yunivesite, njirayi ndi yamphamvu. Kwa wofuna kubwerera msanga kudzathandiza kwawo, ndi yaitali kwambiri.

Ine ndikadasankha South Africa, ngakhale kuti siyiyamba ndi udokotala. Kumeneko a HPCSA, bungwe loyang'anira ogwira ntchito za umoyo, amalembetsa counselling psychologist ndi masters: mumafunika honours kaye (gawo la pakati pa digiri yoyamba ndi masters), kenako chaka cha kalasi ndi kuona anthu, kafukufuku wanu, miyezi 12 ya internship, ndi mayeso a bodi. Rhodes, Wits, Pretoria ndi KwaZulu-Natal ndi ena mwa mayunivesite ophunzitsa zimenezi. Pepala lanu la kuno liyenera kuyamba ladutsa kwa a SAQA, bungwe loona mapepala a maphunziro kumeneko, kuti aliyeze. Malo ndi ochepa zedi, kalasi yake anthu owerengeka, ndipo amasankha pokufunsani maso ndi maso, osati ndi magiredi okha. Funsani musanalembe kalata ngati amalola mlendo kuchita internship, chifukwa popanda iyo masters yonse ija imakhala yopanda chilolezo.

Chifukwa changa chachikulu si mtengo, kapena kuti basi ya ku Johannesburg ingakufikitseni pamaliro a kwanu. Ndi mtundu wa anthu amene mukaphunzirepo ntchito. Taganizirani bambo wa ku Chamama, tenanti pa esiteti ya fodya, amene chaka chatha osaona phindu chifukwa ngongole ya chimanga ndi feteleza yadya zonse. Sabwera yekha. Amabwera ndi mkazi wake ndi malume ake, ndipo woyamba kuyankhula ndi malumewo. Bamboyo amangoti mtima ukugunda, tulo sakupeza, mutu ukulemera. Anapita kale kwa asing'anga, anapempheredwanso kutchalitchi. Mkazi, maso ali pansi, amatchula mwakachetechete kuti botolo la mankhwala a fodya analibisa kwa aneba. Phungu amene anazolowera munthu mmodzi, mphindi 50, sabata iliyonse kwa miyezi, adzavutika pamenepa, chifukwa bambo ameneyu alibe ya thiransipoti yobwerera kawiri. M'zipatala ndi m'masukulu a ku Eastern Cape kapena KwaZulu-Natal mukakumana ndi umphawi wofanana, HIV, asing'anga, ndi banja lonse lolowa m'chipinda limodzi. Wokuyang'anirani nayenso zinthu zimenezi amazidziwa.

Udokotala umabwera pambuyo pake, ndipo umakoma ukabwera motero. Muli kale ndi chilolezo, mukugwira ntchito, ndiye mumalembetsa PhD ya kafukufuku ku KUHeS (Kamuzu University of Health Sciences) kapena ku yunivesite yomwe munachita masters, funso lake n'kukhala la anthu a ku Santhe kapena Mtunthama amene mukuwaona tsiku ndi tsiku.

Njira zonse zitatuzi zimafuna munthu amene wagwirapo kale ntchito ndi anthu ovutika. Apa Saint John of God ya ku Mzuzu, imene imaphunzitsa psychosocial counselling, ndi poyambira pabwino, ndipo siili kutali ndi ife pa msewu wa M1. Kudzipereka pa chipatala kapena kwa a victim support kupolisi kumawerengedwanso, bola mukhale ndi wina wokuyang'anirani amene angadzakulembereni kalata. Musanalipire tambala iliyonse kunja, makamaka pa udokotala wa pa intaneti umene ulibe maola oona anthu, lemberani a NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba kuno, ndi a Medical Council of Malawi, muwatchulire dzina la sukulu ndi la pulogalamu, ndipo yankho lawo mulisunge lolembedwa.